Kodi mantha olakwitsa tinawaphunzira kusukulu?

Amalawi okhala ku Cape Town, kaya ku Masiphumelele, ku Imizamo Yethu, ku Dunoon kapena ku Capricorn, ali ndi mbiri yabwino pa ntchito. Mabwana amati ndi anthu aulemu, okhulupirika, osayankha mwano. Mbiri imeneyi yadyetsa mabanja ambiri kumudzi, ndipo si yoinyoza. Koma kuseri kwa ulemuwo nthawi zina kumabisala chinthu china. Munthu wagwedeza mutu kuti wamva pamene sanamve, chifukwa kufunsa kachiwiri akukuona ngati kudziulula kuti ndi mbuli. Mafunso otsatirawa akufufuza gwero la mantha oterewa ndi mmene amatisankhira zochita.

Kodi kuopa kulakwitsa si chibadwa cha munthu aliyense? Sukulu yalakwanji?

Mbali ina ndi chibadwa ndithu. Mu 1979 akatswiri a maganizo a anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa kuti kutaya chinthu kumatipweteka kwambiri kuposa mmene kupeza chinthu chofanana nacho kumatisangalatsira. N'chifukwa chake munthu amakakamira chimene ali nacho ngakhale chili chochepa.

Koma taonani mwana wa zaka zinayi amene wangofika kumene ku Philippi. Pakangopita miyezi yochepa akuyankhula Chixhosa ndi anzake pamsewu, akusakaniza ndi Chichewa, akusekedwa, iye osalabadira. Bambo ake, amene anaphunzira Chingerezi zaka zambiri m'kalasi, amayamba ayeseza chiganizo mumtima kawiri katatu asanatsegule pakamwa pamaso pa bwana, mwina mpaka kungochisiya osachinena. Kusiyana kwa awiriwa si nzeru ayi. Mmodzi anadutsa pamalo pamene kulakwitsa kumalembedwa ndi cholembera chofiira, kumapatsidwa malikisi, kumalengezedwa pagulu, kenako kumalangidwa. Winayo sanafikepo.

Nanga m'kalasi ya ku Malawi mumachitika chiyani chimene chimabzala manthawa?

Aliyense amene anakhalapo pansi pa mtengo kapena pa simenti yozizira ya Sitandade 3 akudziwa. Aphunzitsi amayamba chiganizo, kalasi yonse imamaliza pamodzi mokweza. Amene sakudziwa amangoyendetsa milomo, ndipo tsiku limatha osagwidwa. Tsoka limabwera aphunzitsi akaloza iwe wekha kuti upite pa bolodi. Samu ikakukanika, kalasi imaseka, ndipo m'sukulu zambiri chikwapu chinkawerengedwa molingana ndi masamu amene walakwa. Ena ankapatsidwa chibalo: kutchetcha, kukumba dzenje la zinyalala, kuzula chitsa. Tsiku lotsekera, mayina ankawerengedwa pabwalo kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza, makolo ali pomwepo.

Sindikunena izi kuti tinyoze aphunzitsi. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo panalembedwa aphunzitsi masauzande ambiri osadutsa ku koleji. Munthu mmodzi woyang'ana ana opitirira 100, mabuku osakwanira, sangakhale ndi nthawi yofunsa mwana aliyense kuti, "Waganiza bwanji kuti upeze yankho limeneli?" Chotheka n'kulemba manotsi pa bolodi, ana n'kukopera, n'kuloweza.

Pamwamba pa izo pali chiyankhulo. Kwa zaka zambiri mwana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndipo akalowa Sitandade 5 zonse zinkasanduka Chingerezi. M'sukulu zina ukagwidwa ukuyankhula chiyankhulo chakwanu unkalangidwa, ukayesa Chingerezi n'kuphonya unkasekedwa. Njira yokhayo yopulumukira inali kukhala chete.

Ndiye pali mayeso a MANEB. Kukhoza mayeso a Sitandade 8 sikokwanira, uyenera kusankhidwa, ndipo malo a ku sekondale sanakwanirepo onse okhoza. Achikulire ambiri amakumbukira anzawo amene anabwereza Sitandade 8 katatu kanayi, ndevu zitamera, kudikira dzina lawo. Pa MSCE, ukalephera Chingerezi satifiketi palibe ngakhale utakhoza bwino masamu ndi sayansi. Mwana wodutsa m'njira imeneyi amatuluka ndi maphunziro atatu amene sanalembedwe pa silabasi: yankho lolondola ndi limodzi, ali nalo ndi amene waima kutsogolo, ndipo mwayi umabwera kamodzi.

Tisaiwalenso nthawi imene aphunzitsi a aphunzitsi athu anakuliramo. M'ulamuliro wa Kamuzu Banda, kumvera ndi kusunga mwambo zinali mwa ngodya zinayi za dziko, pamodzi ndi umodzi ndi kukhulupirika. Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Pamene mphunzitsi wa ku yunivesite akutengedwa chotero, wa ku pulayimale sakanalimbikitsa ana kufunsa mafunso ambiri.

Ana athu amene akuphunzira ku Cape Town, kodi iwo apulumuka?

Ku chikwapu, mwalamulo, inde. Lamulo la sukulu la South Africa la 1996 linaletsa kumenya ana kusukulu. Bungwe la sukulu zachikhristu linakatsutsa lamuloli ponena kuti likuphwanya chikhulupiriro chawo, koma mu 2000 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linakana dandaulo lawo. Mu 2019 khoti lomwelo linagamula kuti ngakhale kholo kunyumba silingadzitchinjirize ponena kuti limangolanga mwana mwachikondi. Makolo ochokera kwathu ayenera kuidziwa mfundo imeneyi, chifukwa zimene ku Mangochi timati kulera, kuno zitha kukufikitsani kupolisi. Kuti aphunzitsi ena amamenyabe mobisa, zimenezo zimamveka, koma akamatero akuphwanya lamulo.

Dzikoli lili ndi bala lakelake pa nkhani ya sukulu. Lamulo la Bantu Education la 1953, limene Hendrik Verwoerd analitsogolera, linakonzedwa kuti mwana wakuda aphunzire zongomuyeneretsa kukhala wantchito womvera. Ana a ku Soweto anaukira mu Juni 1976, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho a ku Langa, Nyanga ndi Gugulethu anatuluka nawonso m'makalasi. Tsankho linatha pa pepala, koma sukulu ya ku Rondebosch ndi ya ku Khayelitsha, zotalikirana ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto, zikadali maiko awiri. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Giredi 4 m'dziko lonse la South Africa sankatha kuwerenga n'kumva tanthauzo la zimene awerenga, m'chiyankhulo chilichonse. Mwana wotereyu akafika Giredi 6 amakhala katswiri wobisala: kukopera kwa mnzake, kukhala kumbuyo, kupewa maso a mphunzitsi.

Ndipo mantha amene anachoka pa chikwapu anasamukira pa matric, mayeso otsiriza a ku sekondale. Januwale aliyense nduna imalengeza zotsatira pa wailesi yakanema, zigawo zimapikisana, sukulu zimatamandidwa kapena kuchititsidwa manyazi malinga ndi chiwerengero cha okhoza. Kale nyuzipepala zinkasindikiza mayina, moti mudzi wonse unkadziwa amene wagwa, ndipo kenako zinayamba kusindikiza manambala a mayeso okha. Tsopano woopa si mwana yekha. Mphunzitsi wamkulu nayenso akuopa.

Kodi manthawa amasankhira bwanji mwana tsogolo? Perekani chitsanzo chogwirika.

Chitsanzo chabwino chili kumapeto kwa Giredi 9. Pamenepo mwana wa zaka 14 kapena 15 amasankha maphunziro amene adzalembe pa matric. Kuyambira 2006, aliyense ayenera kutenga masamu, koma alipo a mitundu yosiyana: Mathematics, amene ali ndi alijebura ndi jometri, ndi Mathematical Literacy, amene ndi masamu a tsiku ndi tsiku monga bajeti, chiwongoladzanja, mapu ndi miyeso. Amene watenga achiwiriwa sangalowe maphunziro a udokotala, uinjiniya ndi sayansi ku University of Cape Town kapena ku Stellenbosch, ngakhale atakhoza bwanji.

Mathematical Literacy si phunziro lachabe, ndipo kwa ana ena ndi chisankho choyenera. Vuto ndi chifukwa chimene ambiri amalisankhira. Mwana wapeza malikisi 45 m'masamu a Giredi 9, akuopa kuti adzagwa. Sukulu ikuopa kuti akagwa atsitsa chiwerengero chake cha okhoza, choncho imamukankhira ku njira yosavuta. Kholo, limene mwina likugwira ntchito m'munda wa maluwa ku Constantia mpaka madzulo, limasayina fomu osafunsa, chifukwa kwathu mphunzitsi satsutsidwa. Anthu atatu onsewa achita zooneka zanzeru, ndipo khomo latsekeka popanda aliyense kufunsa ngati malikisi 45 aja anabwera chifukwa mwanayo alibe mutu wa masamu, kapena chifukwa anasintha sukulu ndi chiyankhulo pakati pa chaka.

Dziwaninso kuti kukhoza matric kuli ndi masitepe. Kungodutsa kumafuna malikisi 40 pa 100 m'maphunziro atatu, limodzi likhale chiyankhulo chachikulu cha mwanayo, ndi 30 m'ena atatu. Koma woti akaganiziridwe pa digiri amafunika malikisi osachepera 50 m'maphunziro anayi, ndipo mayunivesite amaika zofuna zawo pamwamba pa zimenezo. Sukulu imene cholinga chake n'chakuti pasapezeke wogwa imakhutira ndi sitepe yapansi. Mwana wanu angafune yapamwamba.

Nanga akuluakulu amene sukulu anaisiya kalekale, zimawakhudza bwanji?

Zimaonekera m'tinthu ting'onoting'ono. Mayi wogwira ntchito m'nyumba wapatsidwa makina ochapira amene sanawaonepo, sakufunsa, akungodina mabatani mwamwayi. Mnyamata wa mu lesitilanti waswa mbale, akubisa zidutswazo pansi pa bini, ndipo zikapezeka mlandu umakhala wa bodza, osatinso wa mbale. Bambo wakhala zaka khumi pa bwana mmodzi, malipiro osakwera, sanatsegulepo pakamwa, pamene dzikoli lili ndi lamulo la malipiro ochepetsetsa kuyambira Januwale 2019, ndipo kuyambira 2022 antchito a m'nyumba amayenera kulandira mofanana ndi ena onse pa lamuloli. Wina wasunga ndalama zokwanira kuyamba kabizinesi ka telala kapena kogula ndi kutumiza katundu kumudzi, koma chaka ndi chaka amati adikire kaye. Kusasankha nakonso n'kusankha, koma kumakoma chifukwa palibe amene angakulozere kuti walakwitsa.

Pali kafukufuku wina amene mabwana ayenera kumumva. Amy Edmondson wa ku Harvard, pofufuza magulu a anamwino m'zipatala za ku America m'zaka za m'ma 1990, anadabwa kupeza kuti magulu oyendetsedwa bwino ndi amene ankalemba zolakwa zambiri pa kaperekedwe ka mankhwala. Atafufuza mozama anaona kuti iwowa ankangomasuka kuulula, pamene m'magulu a atsogoleri aukali anthu ankabisa. Kumene anthu amaopa, zolakwa sizichepa, zimangosiya kunenedwa.

Koma kwa mlendo m'dziko la eni, mantha si nzeru kodi?

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa alangizi ambiri olimbikitsa anthu amayankhula ngati kulakwitsa kulikonse n'kotsika mtengo. Kwa Mmalawi wa ku Cape Town si choncho. Pasipoti yathu imaloledwa masiku 30 popanda viza. Malinga ndi malamulo amene anayamba mu 2014, ukapitirira nthawi yako ndi masiku osaposa 30 umaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ukapitirira kuposa pamenepo ndi zaka zisanu. Dzina la Lindela, malo osungirako obwezedwa kwawo ku Krugersdorp, aliyense amalidziwa. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi alendo zinapha anthu 62 m'dziko muno, ndipo ku Cape Town zinabukira ku Dunoon. Munthu amene amayenda mochenjera m'malo otere sakudwala matenda a maganizo. Akuwerenga bwino malo amene ali.

Mlandu wa sukulu ndi wina. Inatiphunzitsa kuopa zolakwa zonse mofanana. Kuphonya sipelo ndi kulephera mayeso a Sitandade 8 zinkabwera ndi manyazi amodzimodzi, mtanda wofiira womwewo. Sitinaphunzire kusiyanitsa cholakwa chimene mawa chikonzeka ndi chimene sichibwerera. Kuphotchola Chingerezi pamaso pa adona, kufunsa njira kawiri, kupempha ntchito n'kukanidwa, kuyesa kugulitsa chinthu n'kusagulidwa sabata yoyamba: zonsezi zimapola. Kusayina pepala losaliwerenga, kupereka pasipoti kwa munthu wolonjeza pemiti ya kuseri, kubwereka ndalama kwa akatapira, kuyendetsa galimoto popanda laisensi: izi ndi zimene zimagwetsa munthu kwa zaka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kuopa zazing'onozo ndi kumene kumatilowetsa m'zazikulu. Munthu amasayina chifukwa akuchita manyazi kunena kuti, "Sindinamve, tandifotokozereninso." Amapita kwa dobadoba chifukwa akuopa kukaoneka wosadziwa pa kauntala ya ofesi. Makolo athu anati safunsa anadya phula, mwambi umene tonse tinaulemba m'mayeso a Chichewa, m'kalasi momwe kufunsa kunali kuitana chikwapu.

Mantha omwewa amasunga ana ena kunyumba. Pali makolo amene satumiza mwana kusukulu poganiza kuti popanda mapepala adzathamangitsidwa kapena kunenezedwa. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambirira ngakhale alibe chikalata cha kubadwa kapena pemiti. Scalabrini Centre, imene ili pakati pa mzinda wa Cape Town, imathandiza alendo pa nkhani zotere.

Kodi mumzindawu muli anthu amene mbiri yawo ikutiphunzitsa kanthu pa nkhaniyi?

Woyamba ndi wakwathu. Clements Kadalie, wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, anaphunzira ku Livingstonia n'kukhala mphunzitsi. Anafika ku Cape Town mu 1918, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la ICU pakati pa antchito a padoko. Kumapeto kwa chaka chomwecho anatsogolera sitalaka ya padokopo. Pofika 1927 bungweli linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, lalikulu kuposa bungwe lililonse la antchito akuda m'nthawi imeneyo. Kenako linagawikana n'kugwa chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi kusayendetsa bwino ndalama, ndipo Kadalie mwini anali ndi gawo lake pa kugwako. Anamwalira ku East London mu 1951. Mbiri yake ikutikumbutsa kuti sukulu si mdani: kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula pagulu kumene anatenga ku mishoni ndi kumene kunamuimika pamaso pa mabwana a padoko. Sukulu yomweyo imene imatha kutseka pakamwa imathanso kupatsegula.

Wachiwiri ndi Hamilton Naki wa ku Langa, amene sanapitirire pulayimale. Analowa ku University of Cape Town ngati wosamalira kapinga, kenako anaitanidwa kukathandiza mu labotale ya nyama, kumene anaphunzira maopaleshoni poonerera ndi poyesa, mpaka anayamba kuphunzitsa madokotala achinyamata. Yunivesiteyo inamupatsa digiri yaulemu mu 2003. Nkhani imene inafala yakuti anachita nawo opaleshoni yoyamba yoika mtima mwa munthu si yoona, ndipo magazini amene anaifalitsa anaibweza. Zimene anachitadi n'zokwanira.

Opaleshoni imeneyo, ya Christiaan Barnard ku Groote Schuur pa 3 Disembala 1967, ili ndi phunziro lake. Wodwalayo, Louis Washkansky, anakhala masiku 18 okha, n'kumwalira ndi chibayo chifukwa mankhwala oletsa thupi kukana mtima watsopano anafooketsa chitetezo chake. Pasanathe mwezi Barnard anachitanso opaleshoni ina, ndipo wodwala wake, Philip Blaiberg, anakhala miyezi 19. Koma asanakhudze munthu, iye ndi gulu lake anali atayeserera kambirimbiri pa agalu mu labotale. Zolakwa zambiri anazichitira kumene mtengo wake sunali moyo wa munthu. Kalasi imayenera kukhala malo otero, oyeserera, koma ife tinaisandutsa bwalo la milandu.

Ndiye tizingouza ana kuti kulakwitsa n'kwabwino, basi?

Mawu amathandiza, koma pang'ono. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anayesa ana a pulayimale ku America: ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Oyamikiridwa nzeru aja anayamba kusankha mafunso osavuta kuti asataye dzina lawo, ndipo ena mwa iwo ananama za malikisi awo atalephera. Phunziroli ndi lenileni, ndipo kholo limene limakonda kunena kuti "mwana wanga ndi jiniyasi" liganizirepo. Komabe kafukufuku wamkulu wa pambuyo pake anapeza kuti kungosintha maganizo a mwana kumakweza malikisi pang'ono chabe. Simungauze mwana kuti asaope kugwa pamene akuona ndi maso ake kuti wogwa satoledwa.

Chimene chimachotsadi mantha ndi kudziwa kuti pali khomo lachiwiri, ndipo ku South Africa lilipo. Wolephera matric kapena wofuna kukweza malikisi atha kulembanso pakati pa chaka, ndipo boma lili ndi pulogalamu ya Second Chance yothandiza otere. Makoleji a ntchito zamanja monga False Bay, Northlink ndi College of Cape Town amaphunzitsa zamagetsi, zamipope, zowotcherera ndi zophika. Mwana amene akudziwa zimenezi amalowa m'chipinda cha mayeso mtima uli m'malo kusiyana ndi amene wauzidwa kuti akagwa, watha.

Kholo limene lawerenga izi liyambire pati?

Liyambire pa lipoti la kusukulu. Likabwera ndi malikisi otsika, funso loyamba lisakhale lakuti anzako akhoza bwanji. Muuzeni mwanayo akuonetseni funso limodzi limene analakwa, afotokoze mmene anaganizira, m'Chichewa ngati n'kumene akumasuka. Ngakhale inu masamuwo simukuwadziwa, iye pofotokoza nthawi zambiri amadzionera yekha pamene anapatuka. Muloleninso akuoneni inuyo mukufunsa pamene simunamve, ku kiliniki, ku banki, pamaso pa abwana.

Ndipo ngati muli ndi mwana wa Giredi 9, musadikire fomu yosankhira maphunziro kuti ibwere m'chikwama. Pemphani tsiku kuntchito, pitani kusukuluko, mukakhale pansi ndi mphunzitsi wa masamu. Mukamufunse kuti mwanayo akuvutika pati kwenikweni, sukulu ili ndi makalasi owonjezera kapena ayi, ndipo maphunziro amene akumusankhirawo adzamutsekera makomo ati. Ngati Chingerezi chikukuvutani, tengani mnzanu wa kutchalitchi kapena kumzikiti akakumasulireni, ndipo musasayine tsiku lomwelo ngati simunamvetse.